Zidindo za m'Pasipoti ya a Birane

Fes,
11 Novembala 2018

Okondedwa achimwene a Larbi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Liège konko. Ife kuno Mulungu akutisunga. Mvula yayamba molawirira, ndipo denga la kukhitchini linadontha mpaka ndinaitana mmisiri. Azakhali a Batoul bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha pali bwinobwino.

Ndikudziwa kuti a Latifa, akazi a msuweni wathu, akuimbirani kale foni kuti mlongo wanu anaonekera m'chipinda cha apolisi ku bwalo la ndege. Ndi zoona. Koma a Latifa kunalibe, ndiye lolani ndikuuzeni ineyo amene ndinaliko.

A Birane Sarr mukuwakumbukira. Ndi bambo wamtali uja wa ku Senegal amene amachita lendi chipinda chathu chapamwamba, amene ananyamula nanu maliro a mayi mpaka kumanda. Anagwira ntchito yokonza injini za sitima zapamtunda mpaka kukalamba. Poyamba ankabwera ndi gulu kudzapemphera kumanda a Shehe wamkulu wa kuno, monga amachitira anthu akwawo. Atapuma pa ntchito, akazi awo atamwalira, anayamba kubwera okha. Mlendo amaloledwa miyezi itatu yokha, ndiye masiku akatsala pang'ono kutha amapita ku Dakar, n'kukhala masabata awiri kwa mwana wawo, n'kubwereranso. Zakhala choncho zaka zisanu.

Lachinayi lina mwezi wathawu ndege yawo inatera masana. Apaulendo onse anatuluka, oyendetsa ndege nawo anatuluka, a Birane osaoneka. Ndikudziwa chifukwa ndinali pomwepo, achimwene. Azakhali ndinawauza kuti ndikukagula ulusi. Ndinavala mkanjo wanga wobiriwira wa paukwati wa mwana wanga Hasnaa, ndipo sikanali koyamba kukawachingamira.

Patapita ola limodzi panatulukira wapolisi wamwamuna ali ndi kapepala m'manja, akuimba foni. Foni inalira m'chikwama mwanga iye ataima pafupi nane. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kapepala kaja.

"Mayi Zhor Bennis ndinu? Mwafika msanga bwanji!"

Ananditengera m'kachipinda. A Birane anali pampando, chikwama chawo chitatsegulidwa patebulo: chidede chouma, nsomba zouma, ndi nsalu imodzi yamaluwa. Amene ankawafunsa anali wapolisi wamkazi wa zolowa ndi kutuluka, wamsinkhu wa Hasnaa wanga, waulemu koma wamaso akuthwa. Ankatsegula pasipoti tsamba ndi tsamba.

"Khalani apa, mayi. Bambowa alowa m'dziko muno maulendo khumi ndi asanu ndi anayi. Akuti amafikira kwanu."

"Eya, mwananga."

"Ndawafunsa ngati amachita malonda, akana. Ndawafunsa ngati ali pa ntchito kwinakwake, akana. Akuti amadzapemphera basi." Anatembenukira kwa iwo. "Bambo, anzanu amapemphera sabata imodzi n'kumapita. Inu machimo anu ndi ochuluka bwanji?"

A Birane anayankha ndi Chiarabu chawo chopindika chija. "Mwananga, ine ndinali wa kunjanji. Sitima ikachedwa, dziko lonse linkatukwana ine. Zimenezo sizitha ndi sabata imodzi."

Mtsikanayo anaugwira mlomo kuti asaseke. "Sindikusewera, bambo. Munthu wokhala kuno miyezi khumi pa chaka si mlendo. Ndikapanda kumva chifukwa chomveka, mukwera ndege yobwerera." Kenako anandiyang'ana ine. "Mayi, bambowa ndi ndani wanu?"

Apa ndiye pali chimene sindinakuuzenipo. A Birane anandifunsira kawiri, chaka chatha ndi chaka chino, ndipo ndinakana kawiri konse. Osati chifukwa sindinkawafuna. Ndinkaopa amayi a mumsewu mwathu, amene amawapatsa moni mwaulemu koma akadutsa amati "wakuda uja wa kwa Bennis". Ndinkaopa kuti adzati nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu yapenga. Ndinkaopanso inu. Iwo sanadandaulepo. Anapitiriza kukwera ndi kutsika pa masitepe akunja, kukonza mpope ukaphulika, kuwanyamulira azakhali mpando kupita nawo padzuwa. Ndipo m'kachipinda muja anali okonzeka kubwezedwa ku Dakar kusiyana n'kutchula dzina langa pamaso pa anthu.

Ndinayang'ana manja awo. Anawaika pamaondo.

"Amabwerera ine," ndinatero.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Ndati amabwerera ine. Lembani choncho. Andifunsira kawiri, ine n'kukana chifukwa cha manyazi. Akafunsanso lero ndivomera."

A Birane anadzuka mpaka mpando unagwa. "Mayi Zhor, pamaso pa apolisi?"

"Mboni zoposa izi mukazipeza kuti?"

Wapolisi wamwamuna uja anatulukira panja, ndipo tinamumva akuseka pakhonde. Achimwene, mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Kuyambira pamene amuna anga a Driss anamwalira, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndakhala ndikuyenda choweramitsa mutu ngati ndinawapha ndine. M'kachipinda muja ndinakhala tsonga, ndipo mpaka lero sindinawerame.

Mtsikanayo anadinda pasipoti, koma sanaipereke msanga. "Ulendo uno lowani. Ulendo wina mukabwera ngati mlendo, mwina simudzapeza ine pano. Mukakwatirana, chiphaso chokhalira m'dziko muno sichivuta."

"Ayi," anatero a Birane. "Pasapezeke munthu wonena kuti ndinakwatira mayiwa chifukwa cha pepala. Ndine wopuma pa ntchito, penshoni ndili nayo. Ndiuzeni zofunika pa chiphaso cha opuma pa ntchito. Ndikachitenga ndi dzina langa, m'pamene ndidzagogode pakhomo pawo."

"Ndinu ovuta, bambo," anatero mtsikanayo, koma anatenga pepala n'kulemba zonse ndi dzanja lake: umboni wa penshoni, kalata ya dokotala, kalata ya apolisi akwawo yoti alibe mlandu, zithunzi, ndi pepala la lendi losainidwa ndi eni nyumba. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Mayi, mkanjowo wakukhalani."

Kunyumba azakhali anandiyang'ana m'manja n'kufunsa kuti, "Ulusi uja uli kuti?" Kenako anaona a Birane kumbuyo kwanga ndi chikwama chawo. "Ulusi wako ndi wautali ndithu," anatero. Kuteroku ankadziwa kuyambira kale.

Tsopano zambiri zatheka. Dokotala wawapima ndipo akuti mtima wawo ndi wa mnyamata. Kalata ya apolisi mwana wawo waitumiza kale. Chatsala ndi pepala la lendi, ndipo nyumba ya bambo ili m'maina athu awiri. Ndaliika m'envelopu yomweyi. Musaine pamene ndaika kamtanda, mukadinditse ku ofesi ya kazembe wathu, ndipo mulitumize mwezi uno usanathe, chifukwa mapepala onse ayenera kuperekedwa miyezi yawo itatu isanakwane.

Za ukwatizo sindikupempha chilolezo. Lamulo silifunanso kuti mkazi wamkulu ngati ine aimiridwe ndi mlongo wake, ndipo mtima wanga ndaumanga kale. Koma bambo kulibe, mayi kulibe, kupatula azakhali, amene anatsala wondidziwa ndili kamtsikana ndinu nokha. Ndikufuna mudzakhale pambali panga tsiku limenelo. Mukakana kusaina, a Birane akafuna chipinda kwina ndipo zichedwa, koma zichitikabe. Chimene chidzandipweteke ndi mpando wanu wopanda munthu.

Azakhali akupereka moni, akuti mankhwala opaka aja atha. Hasnaa ndi ana ake akupereka moni. Iye ndamuuza, analira kenako n'kuyamba kufunsa za zovala. A Birane akupereka moni mwaulemu wonse, ndipo akuti akufuna kukulemberani okha mukawalola.

Mundiperekere moni kwa ana anu Yassine ndi Nora. Makamaka mundipsompsonere mlamu wanga Monique. Mumuuze kuti ndikukumbukirabe tsiku limene munabwera naye koyamba, bambo atatseka chitseko kuti mzungu salowa m'nyumba mwawo. Anakatsegula ndine, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinamenyedwa khofi chifukwa cha zimenezo. Sindinanong'onezepo bondo.

Ine mlongo wanu wokukondani,

Zhor