Mapiritsi a M'kabokosi ka Masamu

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Msana uja munkadandaula chifukwa chonyamula nkhalamba kuntchito kwanu unasiya? Nanga chipsera chanu chimayabwabe kukazizira? Kuno amayi ali bwino, kungoti aonda. Ine sindinganame kuti ndili bwino, chifukwa kalatayi ndikulemba ndili pa bedi la m'chipatala, m'wodi yomwe ija munagonamo inu, pafupi ndi zenera loyang'ana kochapira.

Musadzidzimuke kwambiri. Ndikuyenda ndekha, ndikudya. Amene akudwala ndi Mlendo. Paja ndinu munaitcha choncho impso munandipatsa ija, tsiku lomwe tinatsitsimuka tonse awiri, n'kundiuza kuti ndimusamale mlendo wanu chifukwa sakonda mchere ndiponso sakonda ana amwano. Zaka ziwiri wakhala mwa ine osadandaula. Tsopano akuti thupi langa layamba kumukana.

Ndikanakuuzani pa foni, koma foni ndi ya amayi, ndipo amaima pambali pomwepo. Komanso inu mukangondiona mumayamba nthabwala, ine n'kuseka, mawu n'kubwerera kukhosi. Choncho ndang'amba mapepala m'kope la bayoloje.

Chaka chatha adokotala aakazi aja, ovala magalasi a chingwe, anapempha kuti ndilowe m'kafukufuku wawo, ndipo amayi anasaina. Anatifotokozera kuti pali anthu ochepa kwambiri amene thupi lawo limaizolowera impso ya munthu wina mpaka kuitenga ngati yakeyake, moti ngakhale asiye mankhwala, asilikali a m'thupi saimenya. Akufuna kudziwa ngati anthu oterowo angadziwike poyeza magazi. Anati m'maselo a magazi muli malangizo a chibadwa, aja kusukulu timati majini, ndipo ali ngati mababu a m'nyumba yaikulu, ena oyaka, ena ozima. Iwo akufufuza kuti mwa anthu amwayi aja, oyaka ndi ati.

Mmodzi wa amwayiwo ndimamudziwa. Ndi bambo wometa tsitsi amene timakhala naye pa benchi tsiku la kiliniki. Aliyense amangoti Ometa. Anasiya mankhwala zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, koma impso yawo ikugwira ntchito ngati anabadwa nayo. Amadzitama kuti madokotala amawakonda kuposa akazi awo, chifukwa akazi awo sanawapemphepo ndi dontho lomwe la magazi. Ine amanditcha mkamwini, ati adzandipatsa mwana wawo ndikadzaphunzira kupesa.

Inu chichokereni simunaione nkhope yanga pafupi. Tikamaonana pa foni ndimakhala chammbali dala. Mankhwala aja ananditupitsa masaya, ndipo kusukulu amanditcha Mwezi. Ndikalowa m'kalasi wina amafuula kuti zimitsani magetsi, kwawala kale. Manja amanjenjemera, moti aphunzitsi a masamu anandibwezera ntchito kawiri, ati anandituma kujambula bwalo osati mbatata. Nthawi yopuma ndimakhala kuseri kwa labu ya sayansi, n'kumaonerera anzanga pa mpata wa pakati pa makoma. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna mudziwe mmene mutu wanga unalili.

Miyezi iwiri yapitayo ndinalowa m'chipinda cha adokotala iwo akulankhula pa foni. Pa kompyuta panali chithunzi cha timabokosi tofiira ndi tobiriwira, tondandalikidwa m'mizere yotsika pansi. Mzere uliwonse unali munthu mmodzi. Maina panalibe, manambala okha. Koma ine nambala yanga ndimaidziwa, imamatidwa pa kabotolo ka magazi anga. Ya Ometa ndimaidziwanso, chifukwa khadi lawo amaonetsa aliyense. Mzere wanga ndi wawo inali yoyandikana, ndipo inkafanana, kufiira pamwamba, kubiriwira pansi. Pa timabokosi khumi ndi tiwiri, tosiyana tinali tiwiri tokha.

Sindinafunse. Mukundidziwa, ndimaona chinthu n'kukhala nacho chete. Ndinatuluka ndikudziuza kuti nanenso ndine wamwayi, madokotala akungochedwa kundiuza.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi atawasintha kuntchito, ayamba kulowa m'mawa kwambiri kophika buledi kuja. Kale ankaima pamaso panga mpaka ndimeze, n'kunena kuti nditulutse lilime aone. Tsopano amangosiya mapiritsi pa sosala n'kuvundikira ndi kapu. A madzulo ndinkawafumbata n'kumwa madzi okha, iwo akusinza pa mpando nsapato asanavule n'komwe.

Ndinayamba n'kusiya aja otupitsa nkhope. Patapita sabata ndinasiya onse. Kutaya ndinalephera, dzanja linkakana. Ndinachotsa kampasi ndi rula m'kabokosi kachitsulo ka masamu kaja munandigulira, n'kumaika mapiritsi m'menemo. Ndinkayenda nako m'chikwama tsiku lililonse, nditakakulunga ndi sokosi kuti kasamalire.

Masiku oyamba ndinkamva chizungulire, koma chinatha. Kenako Achemwali, ndikuuzeni zoona, kunali kukoma. Dzanja linakhazikika, ndinajambula bwalo aphunzitsi n'kulionetsa kalasi yonse. Masaya anayamba kuphwa. Tsiku lina mnyamata wina anandiitana ndi dzina langa lenileni, ndipo ndinachedwa kucheuka chifukwa kusukulu ndinali nditaliiwala.

Sabata yachisanu nsapato zinayamba kuthina. Thupi linatentha, ndipo pamimba pomwe pakhala Mlendo panayamba kuwawa ndikagwira. Kokodza ndinkangopita kamodzi pa tsiku, mwinanso osapita. Ndinabisa masiku atatu. Dzulo amayi anaona kuti ndikuvala nsapato mopondera kumbuyo, anandigwira pachipumi, ndipo sanapitenso kuntchito.

Magazi atayezedwa, adokotala anatuma amayi kukatenga fayilo, n'kutseka chitseko. Anandifunsa kuti mankhwala ndinamwa komaliza liti, ndipo anati ndisavutike kunama, chifukwa m'magazi mwanga mulibe ndi fungo lake lomwe. Ndinawauza zonse, za Ometa, za timabokosi, za kabokosi kanga. Anavula magalasi.

Kenako anati mitundu ija sinafike pouza munthu aliyense kuti asiye mankhwala, n'chifukwa chake akadali kufufuza. Anati mankhwalawo pawokha amayatsa mababu ena n'kuzimitsa ena, moti mizere iwiri ikhoza kufanana pa zifukwa zosiyana. Mwina wa Ometa unafiira chifukwa thupi lawo linagwirizana ndi impso, pomwe wanga unafiira chifukwa cha mapiritsi omwewo ndinkabisa aja. Anati nawonso analakwa kusiya kompyuta yotsegula. Pamenepo m'pomwe ndinalira, chifukwa ndinkayembekeza kuti andikalipira.

Ndinafunsa ngati Mlendo akhale. Anati sakudziwa. Andiika diripi ya mankhwala amphamvu, ndipo mawa m'mawa alowetsa singano yaitali kuti atenge kachidutswa ka impso akaone mmene yavulalira. Anati zina zimabwerera mwakale, zina zimabwerera theka, zina sizibwerera. Ikapanda kubwerera ndiye kuti ndi makina osefa magazi aja, katatu pa sabata, monga kale. Ine palibe chimene ndingachite. Ndimangoyang'ana madontho akugwa.

Ometa anabwera m'mawa uno atandisowa pa benchi. Analowa akufuula kuti mkamwini wathawa ukwati, koma nditawauza zomwe ndinachita, anakhala pansi, nthabwala zonse n'kuwathera. Anati chaka chomwe anasiya mankhwala sanali okha, anali anthu anayi amene anatopa nawo limodzi. Awiri anakawameta komaliza atagona kale m'bokosi. Wachitatu ali pa makina mpaka lero ndipo sawapatsa moni. Ndinafunsa chifukwa chake sanenapo zimenezi pa benchi. Anati nkhani imeneyo siseketsa. Potuluka anandisiyira chipeso chawo.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi amayi. Iwo sakudziwa. Akukhulupirira kuti wolakwa ndi iwo, ati ankasiya sosala pafupi ndi zenera ndiye dzuwa linaononga mankhwala. Dzulo ndinawamva akuuza anamwino kuti anasiya mwana wawo n'kumakasamala buledi wa anthu ena. Akuti asiya ntchito. Anandipepesa, Achemwali. Anandigwira phazi lotupali n'kundipepesa, ine n'kutembenukira kukhoma.

Adokotala anati sangawabisire kupitirira lero, chifukwa amayi ayenera kusaina pepala la mawa akudziwa choona. Andipatsa mpata woti ndinene ndekha. Amayi apita kunyumba kukanditengera zovala, abwera nthawi yoona odwala ikakwana. Kwatsala ola limodzi.

Ndiye ndili ndi zopempha. Pamene muziwerenga kalatayi, za singano zidzakhala zitadziwika kale, ndipo mwina mudzakhala mutamva kwa amayi. Muwaimbire kawirikawiri. Akadziwa, sadzakhala ndi womuuza, poti wowalakwira ndi yemweyo akumuphikira. Ndipo Mlendo akachoka, ndikudziwa kuti amayi adzafuna kupereka impso yawo, chonsecho madokotala anawakana kale chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Muwaletse. Ine sadzandimvera.

Chinanso, musandiyankhe kuti palibe kanthu. Ndimakudziwani, mudzaseka n'kunena kuti impsoyo inali yaulesi kale. Musatero. Munang'ambidwa pamimba chifukwa cha ine, munaimitsa ukwati wanu chaka chathunthu, ndipo lero mukunyamula anthu olemera muli ndi impso imodzi. Ina yoti mundipatse mulibe. Ine ndinasinthanitsa zonsezo ndi masaya. Ngati mwakwiya, lembani mokwiya, ndidzawerenga mpaka pansi. Mukakhala chete ndidzamvanso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ngati n'kotheka musawauze msanga. Mupereke moni kwa mayi aja mumakhala nawo moyandikana, amene anandilukira chipewa. Mulungu akusungeni, akusungireninso imodzi yatsalayo. Muzimwa madzi ambiri. Ndikudziwa kuti si ine woyenera kulangiza munthu, koma muzimwa.

Kabokosi kaja ndakatulutsa m'chikwama. Ndachotsa sokosi, ndakatsegula, ndakaika pamwamba pa bulangete pomwe amayi amakhazika chikwama chawo akafika. Mawu akandikanika, aona okha.

Ndine mlongo wanu,
Kamchira wanu uja munkamuthamangitsa kuti asamakutsatireni