Mkono Wanu Wamanzere

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Perth tilipo, tikudzuka. Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Papita nthawi ndisanakhale pansi n'kukusimbirani za pakhomo, koma lero ndili ndi nkhani imene yandikulira kuisunga ndekha.

Ndiyambe ndi za ku Mponela. Kwa mlongo wanga Yohane kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti akalira mudzi wonse umadziwa. Mtedza wachita bwino m'munda wanu uja wa kuseri kwa tchalitchi, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba chitangomasula ngayaye. Kuno bambo a Tadala akadali ku mgodi, kumpoto. Amapita pa ndege n'kubwerako fumbi lofiira lili m'makutu. Ine ndikadali namwino ku chipatala cha ku Nedlands, mu wodi ya odwala sitiroko, matenda aja opha ziwalo. Sitima inafika kwathu kuno ku Ellenbrook, ndiye masiku ena galimoto ndimaisiya. Maungu amene ndinadzala kuti tizidyako nkhwani akukana mchenga wa kuno, masamba ake ngati makutu a mbewa.

Nkhani ndi ya Tadala, mdzukulu wanu. Ali ku yunivesite, ndipo akuphunzira zovina. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chotulukira m'mphuno. Chaka chino gulu lake likugwira ntchito limodzi ndi akatswiri a makompyuta. Wovina amavala chovala chothina chomatidwa timipira tonyezimira m'mapewa, m'zigongono, m'chiuno ndi m'mawondo. Makamera ozungulira chipinda amatsata timipirato, ndipo pakhoma pamaoneka munthu wa timadontho ta kuwala, wopanda nkhope, akuvina chimodzimodzi. Amathanso kutenga mavinidwe a munthu pa vidiyo yakale.

Tsiku lina ndikutsuka mbale, Tadala anadzaima pambali panga, n'kunena m'Chichewa, mawu akumukola m'kamwa: "Amami, ndikufuna agogo avine ndi ine."

Ankanena vidiyo ija ya pa ukwati wa Yohane, pamene munkatsogolera chimtali mutavala chitenje chobiriwira, mpango woyera uli m'manja. Mukukumbukira kuti ine kunalibe. Malire anali otseka chifukwa cha mliri, ndipo ukwatiwo, ndi maliro anu omwe anadza pasanapite nthawi, zonse ndinaonera pa foni nditakhala pansi m'khitchini. Vidiyo imeneyo ndi yomaliza imene muli choimirira.

Ndinaopa kuti mwina n'kukusokonezani kumene mukupumako. Ndinaimbira mng'ono wanu, amayi aang'ono a Edina, ndipo iwo anaseka. "Mwanawe, chimtali si cha kudambwe. Akulu anga ankavina kuti anthu aone. Muleke mwanayo." Ndiye ndinalola.

Patapita milungu Tadala anandiitana kuti ndikaone. Chipindacho n'chakuda mbali zonse, chozizira ngati mosungira mankhwala. Woyendetsa makinawo ndi mtsikana wa ku Chipata, dzina lake Misozi, waulemu wake. Anazimitsa magetsi, ng'oma ya pa ukwati ija inayamba kulira, ndipo pakhoma panatulukira timadontho. Amayi, nkhope panalibe, chitenje panalibe, koma munali inu. Kupendeketsa mutu kuja, kugwetsa phewa ng'oma isanagunde kuja.

Itatha nyimbo, Misozi anabwera n'kugwada pafupi nane. "Anti, nifuna muoneko chinthu chimodzi. Siniziwa ngati ni makina yalakwisa, olo ni mwamene ambuya anali kuvinira. Onani kwanja kwa kumanzere."

Anaibwereza pang'onopang'ono. Mkono wanu wamanja unkakwera pamodzi ndi ng'oma, koma wamanzere unkatsalira. Poyamba pang'ono chabe, kenako unkalephera kufika paphewa. Pakati pa nyimbo munasamutsa mpango kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo mkonowo unangoti lende mpaka kumapeto.

Vidiyo imeneyo ndinali nditaionera kosawerengeka, koma maso anga ankathamangira kunkhope kwanu, kukumwetulira kwanu. Atachotsa nkhopeyo m'pamene ndinaona chimene ndimaona tsiku ndi tsiku mu wodi: chiyambi cha sitiroko. Ndinangoti, "Makina sanalakwitse, mwanangu," n'kutuluka panja.

Ndili m'galimoto momwemo ndinaimbiranso amayi aang'ono. Nditawafunsa za mkonowo, anati: "Wadziwa bwanji? M'mawa wa tsikulo kapu ya tiyi inawapulumuka. Anandiuza kuti dzanja lachita dzanzi. Ndinati tiyeni kuchipatala, iwo n'kukana. Akuti ukwati wa mwana wawo usasanduke nkhani ya iwo. Ndipo anandilumbiritsa kuti Esinati asamve, ali kutali, angosowa tulo."

Ndinakukwiyirani, Amayi, ndisakubisireni. Masiku angapo ndinkati ndikagwira dzanja la wodwala kuti ndimuyeze, mtima unkandiwira. Mukanangondiimbira m'mawa umenewo, ndikanadziwa choti ndiwauze. Mwina zikanathandiza, mwina ayi, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Munkakonda kunena kuti mlendo sauzidwa kuti ufa watha. Koma ine sindinali mlendo. Ndinali mwana wanu, ndipo matenda amenewo ndiwo ntchito yanga.

Tadala ndinamuuza zonse. Titabwerera ku chipinda chija, Misozi anati akhoza kuuwongola mkonowo pa kompyuta kuti uzikwera ngati unzake, ngati tingakonde kukukumbukirani muli wathanzi. Ine ndinatsala pang'ono kuvomera. Tadala ndiye anakana. Anati agogo anavina nyimbo yonse ndi mkono umenewo, ndipo ukawongoledwa ndiye kuti wovinayo ndi munthu wina. Choncho mkonowo tinausiya momwemo.

Panalinso vuto lina. Mu vidiyo miyendo yanu sioneka, yabisika ndi fumbi ndi amayi ena ovina kutsogolo, choncho munthu wa pakhoma uja ankathera m'chiuno. Tadala anayesa kuvina mapaziwo, koma iye anaphunzitsidwa kuvina mopepuka, ngati akufuna kuuluka, pomwe chimtali chimafuna phazi lokonda nthaka. Onse awiri anatembenukira kwa ine.

Musandiseke, Amayi. Ine mwana wanu wa imvi kale ndinavala chovala chothina chija. Ndinakanitsitsa kuima pamaso pa ana opanda chitenje, ndiye Misozi anandipindira chachifupi kuti timipira ta m'mawondo tizioneka. Chimwalirireni inu ndinali ndisanavinepo, ngakhale kutchalitchi. Ng'oma itayamba ndinangoima ngati chitsa, maso ali pansi. Kenako ndinakumbukira mmene munkandimenyera kamtengo m'akakolo ndili mtsikana, mukuti wovina sayang'ana mapazi, mapazi ali ndi makutu awo. Ndinadzutsa mutu, ndinayang'ana mapewa anu pakhomapo, ndipo miyendo inapita yokha. Ndinavina misozi ikutsikira m'khosi, ndipo palibe anaimitsa nyimbo. Mkwiyo uja unathera pamenepo, sindikudziwa kuti unathera pa phazi liti.

Analumikiza ziwirizo. Kumtunda ndinu, kumunsi ndine, ndipo polumikizira sipaoneka.

Chionetsero chinachitika Loweruka lapitali mu holo yaing'ono. Amalawi anabwera ambiri, ena atangoweruka ku mafakitale a ku Kwinana, majombo a kuntchito ali kuphazi. Amayi a ku Zambia anadzaza mzere wathunthu. Bambo a Tadala anasinthana masiku ndi mnzawo kuti akhalepo. Magulu ena anaonetsa zawo, za kuwala kothamanga ndi nyimbo zachilendo, zokongola ndithu. Kenako kunada, ng'oma ya kwathu inagunda, ndipo munatulukira pa chinsalu chachikulu, wamtali ngati mmene munalili. Mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu.

Tadala anayamba kuvinira kumanja kwanu, akutsanzira, nthawi zina akuyankha ndi mavinidwe ake a kusukulu. Itafika nthawi imene munasamutsa mpango, mkono n'kugwa, anachita chimene sanandiuzepo. Anazungulira n'kupita kumanzere kwanu, anawerama pang'ono, n'kuika phewa lake pansi pa mkonowo. Anavina choncho, akukuchirikizani, mpaka ng'oma inaleka. Ndinamva bambo wina akufwenthera kumbuyo kwanga. Anthu ambiri sankadziwa nkhani yake, koma anaona.

Pobwerera kunyumba tinali m'galimoto tonse atatu. Titaima pa maloboti, Tadala anandigwira phewa kuchokera kumpando wakumbuyo. "Amami, inuyo mukadzamva chinachake m'thupi, mudzanena?"

Ndinafuna kuseka n'kumuuza kuti ine ndine namwino. Koma bambo ake anandiyang'ana, chifukwa amadziwa kuti mutu wakhala ukundivuta kwa miyezi, ine n'kumangomwa timapiritsi n'kupita kuntchito. Lolemba ndinapita kwa dokotala. Magazi anga akuthamanga kwambiri, ngati anu. Andipatsa mankhwala ndipo ndayamba kumwa. Yohane ndamuuza kuti nayenso akayezetse, ndipo amayi aang'ono ndawauza kuti lumbiro lawo latha, asadzandibisirenso kanthu.

Amayi, ndikudziwa kuti munabisa chifukwa chotikonda, ndipo tsiku la mwana wanu munalisunga lokoma monga munafunira. Ndakukhululukirani, inunso mundikhululukire kuti chinsinsi chanu ndachionetsa pagulu. Chimtali chanu ndachitenga ndipo ndizivina. Koma kubisa kuja ndakusiyirani komweko. Ndikukulonjezani kuti dzanja langa likadzachita dzanzi, ngakhale litakhala tsiku la ukwati wa Tadala, ndidzamuitana pambali n'kumuuza.

Pumulani bwino, Amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Esinati