Mpira ukufika, zotsatira za Atikonda ayi

Lolemba, 10 Febuluwale 2025

Ndapitanso kuchipatala chathu chaching'ono, Atikonda kumbuyo. Chifuwa chomwe chija, sabata yachinayi. Nthiti zikuchita kuwerengeka. Anesi, a Clara, akuti zokayeza zija zinapita ku labu pa njinga yamoto kalekale, koma zotsatira zimabwera pa kompyuta ndipo netiweki palibe. Akukayikira TB. Mankhwala sangayambitse asanaone zotsatira. Ndiye ndizingomuyang'ana mwana akutha?

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Bodza! Netiweki ilipo. Ndawapeza alonda, a Laimoni, akuonera zigoli za mpira pa foni, akuseka mpaka kutsokomola. Ndati, "Kodi mpirawo ukudutsa pati pamene zotsatira za mwana wanga zikukanika?" Iwo amvekere, "Mayi, ine ndimalondera geti, za mumlengalenga sindikudziwa."

Ndalowa mkati. A Clara andionetsa kompyuta, kanthu kakungozungulira. Nawonso atopa, ayimbira akampani ya netiweki katatu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Wakana phala. Wayamwa pang'ono, wasanza. Bambo ake ayimba foni ali ku Joni, mawu mbee ngati ali pakhonde. Ku Joni!

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kwabwera a Herbert okonza netiweki, nsapato zamatope, laputopu m'chikwama. Sindinawadikire kuti akhale. Ndawafunsa funso la mpira lija.

Akuti, "Achemwali, uthenga wa chipatala tinaupatulira njira yakeyake kuti usamapanikizane ndi zampirazo. Ukamanyamuka ku labu umalembedwa mndandanda pamutu: dutsa nsanja iyi, kenako iyi, kenako iyo. Nsanja ya netiweki iliyonse imangowerenga mzere wake n'kuuponyera kutsogolo."

Eti nsanja imodzi ya pamndandandapo inawombedwa ndi mphenzi sabata yatha. Mpira ulibe mndandanda, umangolambalala. Uthenga wathu wolemekezekawu ukafika pamenepo umatayidwa.

Ndati, "Umatayidwa? Palibe nsanja ngakhale imodzi yokumbukira kuti dzina la mwana wanga linadutsa, ikuwe?"

"Sizisunga kanthu. Zitamakumbukira njira ya aliyense zikhoza kulemedwa. Ubwino wake ndi umenewo."

Ubwino! Akunena ubwino Ati wanga akubanika pachifuwa panga.

Ndati ine ndinalekeza sitandade 6, koma mtsinje ukadzaza ndimadziwa kozungulira popita kuchigayo. Njira yachiwiri simunalembe bwanji? Akanda m'mutu. "Imayenera kulembedwa." Ndi ndani? A Laimoni pawindo: "Ayankheni, bwana injiniya."

A Herbert akuti pokonza ndi pamodzi pokha, pomwe uthenga umanyamukira, koma abwana awo avomere kaye. Mawa. Chilichonse mawa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndafika geti asanatsegule. A Herbert atafika ndakhala pa benchi pafupi nawo, mwana pamiyendo, kuti azimumva akutsokomola. Ayimba foni ziwiri, alemba timizere tingapo basi. Timizere tomweto, masiku onsewa!

Kompyuta yalira. Mayina akutsika, akutsika, makumi awiri ndi atatu. Kodi enawo ali kuti, akudikira m'midzi iti? A Clara agwira pakamwa.

Atikonda Zefaniya. TB ilipo. Tsiku lotuluka zotsatira: 4 Febuluwale. Masiku khumi.

Sindinalire. A Herbert amafuna kutseka laputopu, ndaikapo dzanja. "Njira yachiwiri ija." Andiyang'ana, ayang'ana Ati, akhalanso pansi. Alemba, n'kunditembenuzira kuti ndione. Zilembozo sindizimva koma ndawerenga mizere ndi chala. Mindandanda iwiri.

A Clara asungunula piritsi loyamba mu supuni. Walavula pang'ono, ndabweza ndi chala. Wameza.