Lenzi Yosakwana M'situdiyo

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira. Zala gwa mu minibasi kuchokera ku Nangongwe. Makasitomala awiri okha tsiku lonse, onse a zithunzi za reji, chitupa cha boma. Kamera yakana kawiri. Yatopa, lenzi yachita nkhungu mkati. Atate, pa mpando wawo wa pakhomo la situdiyo, akuti vuto ndi manja anga. Situdiyo ndi yawo, anaitsegula atapuma ku njanji. Ine ndine manja chabe chiyambire maso awo kufooka.

Nkhani ziwiri lero, ndipo zikugundana m'mutu.

Ba William, akulu anga a ku Joni, akubwera pa ndeke Lamlungu. Akufuna kundigulira kamera yatsopano, ya miralesi, zija zopanda kagalasi kodumpha mkati. Kamera imodzi, lenzi imodzi, basi. "Sankha iwe uziba, koma pa Chisanu nifuna ansa."

Yachiwiri. Ba Elina, oyang'anira loji ya kumtunda kwa mtsinje, akufuna wojambula mbalame ndi nyama pa boti la alendo. Ndinawajambula pa ukwati wa mng'ono wawo, anasunga nambala yanga. Ndikayesedwe Lachinayi. Ntchito ya masiku asanu ndi limodzi pa sabata, Loweruka lomwe. Ndikaipeza, situdiyo atsala nayo ndani?

Atate ndawauza ya kamera yokha.

Lachiwiri, 10 Juni

Ku Estates kwa Obed, uja amajambula mpira. Ndinapita ndi funso limodzi, ndabwerako ndi khumi.

Akuti malenzi ndi awiri oti ndiganizire. Yaifupi, 70 mpaka 200, yabwino ku ukwati ndi m'situdiyo, koma mbalame imaoneka ngati kachitsotso. Yaitali, 150 mpaka 600, imakubweretsera nkhwazi pamphuno, koma ndi ya kutchire basi. Kenako za sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Yaikulu imaona bwino kukachita mdima. Yaing'ono imayandikitsa zakutali. Chaching'ono chikulitsa bwanji chinthu? Wafotokoza katatu, mpaka kujambula pa dothi ndi kamtengo. Ndagwedeza mutu kuti asatope.

Wandibwereka kamera yake ndi lenzi yaitaliyo za Lachinayi. Kulemera ngati musi. Mu minibasi ndinaifukata ngati khanda, mayi wina mpaka anandipatsa malo a kuwindo.

Lachitatu, 11 Juni

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Mavidiyo a za malenzi pa foni mpaka batire zii. Wina akuti 400 ikwana. Wina akuti wopanda 600 asavutike kupita kumtsinje. Wachitatu akuti kamera si kanthu, chachikulu ndi diso, koma iye wanyamula zida zodzaza galimoto.

Ndinalemba pa pepala, uku yaifupi, uku yaitali. Pansi pa yaifupi dzanja lalemba lokha kuti Atate. Ndang'amba.

Kodi mbalame ndimazikonda n'komwe? Sindidziwa. Chimene ndidziwa, zaka zisanu ndi ziwiri ndikuuza anthu kuti kwezani chibwano.

Lachinayi, 12 Juni

Manyazi. Ndilembe zonse mwina achepa.

Boti linanyamuka dzuwa likutuluka, nkhungu ili pamadzi. Woyendetsa Ba Chileshe, munthu wosalankhula zambiri. Alendo panalibe, ine ndekha. Mtsinje umene ndimauona tsiku ndi tsiku pa mlatho, lero unali wina. Mvuu zisanu ndi imodzi, makutu okha pamwamba. Akakowa mbuu m'mabango. Mtima unadumpha, sindinama.

Koma manja. Atate anandiphunzitsa monga anaphunzirira iwo nthawi ya filimu, pamene mpukutu unali wa zithunzi 36 ndipo chilichonse chinali ndi mwini wake. Munthu aime. Akuyang'ane. Uwerenge mpaka katatu. Udine kamodzi. Wodina kawiri ankamutcha wosadziwa ntchito. Zinalowa m'magazi.

Nkhwazi inatera pa mtengo wouma. Ndinaipeza mu lenzi, nthenga iliyonse kuoneka. Inayang'ana kumbali, ine kudikira kuti itembenuke. Inatambasula mapiko, ine kuchotsa chala pa batani, poti munthu akagwedezeka sujambula. Inatsika, phava pamadzi, nsomba m'zikhadabo, n'kudutsa pamaso pathu penipeni. Ine chala m'mwamba, kudikira kuti ikhalenso bwino.

Ba Chileshe anangopukusa mutu. "Ba sisi, nkhwazi siyembekeza wani, tu, fili."

Choipitsitsa, mvuu ina ndinaiuza mokweza kuti yang'anani kuno. Ndi ulemu wonse.

Ndabwerako ndi zithunzi 19. Obed akuti anzake amabwerako ndi zikwi ziwiri, kamerayo ukagwira batani osasiya imajambula makumi awiri pa sekondi imodzi. Anandiuza Lachiwiri lija. Ndinamva, koma ndinayesa ndi zongodzitamira.

Ba Elina anaziona pa kompyuta, anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ba Mwandida, tunyoni twanu tonse tuli monga twa pa reji." Zoona. Kakowa waima chilili, maso kutsogolo, kwangotsala nambala pansi. Koma akuti kuwala ndimakudziwa, ndipo palibe chithunzi chopindika. Andipatsa mpata wina pakatha masabata awiri, ndi zida zangazanga. Akufuna mbalame ili m'mwamba. Ndikalephera, atenga wina wa ku Lusaka.

Lachisanu, 13 Juni

Mauthenga a Ba William asanu ndi awiri isanakwane 12 awazi masana. Womaliza ndi chizindikiro cha funso chokha.

Ndisanabweze zida za Obed ndinayesa pa nkhunda za ku sitesheni. Kugwira batani osasiya. Chala chikukana chokha, mtima ukupweteka ngati ndasiya mpopi ukutayika. Pa zithunzi mazana atatu, ziwiri zabwino. Chimodzi nkhunda mapiko tambasu, dzuwa likudutsa mu nthenga. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Sindinajambulepo chinthu chotere.

Atate anandipeza ndili pa zithunzi za dzulo. Anayandikitsa nkhope pa kompyuta, n'kufunsa kuti mbalamezi ndi za kuti. Ndawauza zonse, za loji, za Loweruka. Analoza kakowa uja. "Uyu waima bwino. Wajambula ngati mwana wanga." Chimene Ba Elina anaseka ndi chimene iwo ayamikira. Ndikondwere kapena ndilire?

Za situdiyo sananene kanthu. Bola akanakalipa.

Yaifupi: situdiyo ikhala, maukwati akhala, loji iiwalike. Yaitali: mwina loji. Mwina chabe.

16 awazi, chakumadzulo, ndawatumizira Ba William yankho. Sensa yaing'ono, lenzi yaitali. Ndinafuna kufufuta, koma anali atawerenga kale.

Lolemba, 16 Juni

Yafika. Ba William anabwera nayo ku situdiyo, bokosi lalitali ngati la nsapato za jombo.

Ndinaiwala mwambo wa Atate. Kamera iliyonse yatsopano ikalowa m'situdiyo muno, chithunzi choyamba ndi cha mwini situdiyo, patsogolo pa nsalu yabuluu. Zithunzi zawo zinayi zili pakhoma, tsitsi likuyera pang'onopang'ono. Lero anabwera atavala jekete la kutchalitchi, tayi, chipewa. Anakhala pa situlu, manja pa mawondo.

Ndinayang'ana mu kamera. Mphuno ndi maso basi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana kukhoma. Nkhope yokha, yopanda chipewa. Ndinatuluka pakhomo, pakhonde, kutsika masitepe. Mapewa. Ba William kuseka, kenako anasiya. Ndinawoloka msewu mpaka kwa amayi ogulitsa tomato. Pamenepo ndi pamene anakwana onse, chipewa mpaka nsapato, mkati mwa chitseko chotsegula, maminibasi akudutsa pakati pathu.

Lenziyo sibisa kanthu. Kolala yothetheka. Maso akundifunafuna pakhonde, pamene ine ndili kutsidya. Sakuona mpaka kumeneko, ndipo sindinadziwe kuti afika potero.

Ndinajambula. Iwo sanadziwe, anakhalabe chiwongokere mpaka Ba William anawagwira phewa.

Nditabwerera anali akuvula tayi. Chithunzi sanapemphe kuchiona. Anangofunsa pamene ndinaima, ndinawauza kuti pa tomato. "Ndiye kuti ntchito yako tsopano ndi yoima kutali," anatero, n'kupempha Ba William kuti awathandize kupachika jekete.

Ntchitoyo sindinaipeze n'komwe. Kwatsala masiku khumi. Mawa m'mawa sindidziwa ngati ndipite kumtsinje kukaphunzira, kapena ndiyambe ndawatsegulira kaye Atate situdiyo, poti loko wa pachitseko amawavuta.