Mpando wa Kumbuyo kwa Dalaivala

Okondedwa Alamu,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa akazi anu ndi wa ana. Kodi mwendo unkakuvutani uja unasiya? Kuno tikudzuka ndithu, ana akupita kusukulu, ine ntchito yanga ya ku bekale ikadalipo. Za ang'ono anu zokha sindinena kuti ali bwino, chifukwa ndikhala ndikukunamizani.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Makoma a nyumba ino mukuwadziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda a khomo linalo amati pepani. Nkhani iyi si yoti imveke.

Mukudziwa kuti bipi ya ang'ono anu siitsika. Anayamba ndi pilitsi limodzi, pano akumwa a mitundu itatu. Mchere ndinachepetsa mpaka ana amati ndiwo zanga zikukoma ngati za odwala. Koma akapita kokayezetsa, namwino amangopukusa mutu.

Chaka chatha adokotala anawafunsa ngati amagona bwino. Iwo anayankha kuti pa tulo pokha palibe angawapose, akangoika mutu pa pilo ndiye kuti apita. Anawafunsanso ngati mkazi wawo anaonapo chachilendo iwo ali m'tulo. Anati ayi, sananenepo kanthu.

Sananame, alamu. Ndikanaona liti? Ine ndimalowa ntchito dzuwa likulowa, poti buledi ayenera kutuluka mu uvuni anthu asanadzuke. Ndikamafika m'mawa ndimakumana nawo pakhomo atanyamula makiyi a basi ya sukulu. Bedi timagona mosinthana, ndimalipeza likadali lofunda. Za mkonono wawo ndinkangomvera kwa ana, n'kumaseka. Si paja kwanu nonse mumauliza, ndipo dzina lija la Chigayo munawapatsa ndinu?

Mwezi watha uvuni wathu unawonongeka, ndipo anatiuza kuti tikhale kunyumba mpaka aukonze. Ndinakondwa kuti ndigonako ngati mkazi wapabanja. Tulo sindinatione. Chondiopsa sichinali mkononowo ayi, koma pamene ukusiya. Amauliza, kuuliza, kenako zii. Chifuwa chikukoka koma mpweya sukulowa. Pomwe ndikuti ndiwagwedeze, amadzidzimuka ngati munthu wotsamwa, n'kuyambiranso. Zinali choncho mpaka kunacha. Nditawafunsa anati agona bwinobwino, mutu wokha ndi umene ukuwawa monga mwa masiku onse.

Tsiku lawo lokatenga mankhwala ndinakakamira kupita nawo. Nditafotokoza zimene ndinaona, adokotala anaika cholembera pansi. Anati anthu ambiri a bipi, makamaka yosamva mankhwala, amakhala ndi vuto limeneli osadziwa. Njira ya mpweya kukhosi imatsekeka munthu akagona, thupi limadzidzimuka kufuna mpweya, mtima supumula, ndiye bipi ingatsike bwanji? Anayang'ana khosi lawo lonenepa lija, n'kunena kuti ayenera kukagona kuchipatala chachikulu kuti akawayeze ali m'tulo. Vutoli likapezeka, akuti pali kamakina kopemerera mpweya m'mphuno kamene kamathandiza ambiri.

Kenako anafunsa ntchito imene amagwira. Ang'ono anu anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, n'kuyankha kuti amagulitsa m'sitolo. Ine ndinalola bodzalo lidutse.

Panjira anandikalipira kuti ndawayalutsa. Akuti adokotala akanadziwa zoona akanawaletsa kugwira chiwongolero mpaka atayezedwa, pomwe mzere wa kuchipatala chachikulu ndi wa miyezi. A kusukulu sangadikire, madalaivala osowa ntchito ali mbwee pageti. Anati basi imeneyo aiyendetsa zaka zonsezi osagundapo ngakhale nkhuku. Zimenezo n'zoona, ndipo ndinayamba kudzinyengerera kuti mwina ndikukulitsa nkhani.

Ndiye Loweruka lapitali ndikumuluka tsitsi mzime wathu, anayamba kudandaula kuti anzake akumunena kuti ndi wodzimva chifukwa m'basi amakhala yekha kutsogolo. Ndinamuuza kuti azikhala nawo kumbuyo, nkhani ithe. Anati sangathe, ali ndi ntchito.

"Adadi anati ndizikhala kumbuyo kwawo. Tikaima pa maloboti ndimayang'ana mutu wawo. Ukayamba kugwa ndimawatsina pakhosi. Koma anati ndisakuuzeni, mudandaula."

Ananena monyadira, alamu, ngati mwana amene aphunzitsi amusankha kufufuta bolodi. Ndinamufunsa ngati zimachitika pa maloboti pokha. Anati nthawi zina potsetsereka paja pafupi ndi msika, koma ndisade nkhawa, iye amakhala tcheru. Chipeso chinandigwa m'manja.

Madzulo ake tinayambana ndi ang'ono anu. Iwo akuti sagona, amangotsinzina. Akuti amatsegula windo, amatafuna chingamu, mwanayo ndi wongothandizira chabe. Ndinawafunsa ngati sakuchita manyazi kusenzetsa miyoyo ya basi yonse kamwana koti mano akutsogolo sanamere n'komwe. Sanakalipe. Anangoti ndikakatsegula pakamwa kwa ahedi, ndidziwe kuti ndawachotsa ntchito ndi manja anga, ndipo banja lathera pomwepo. Kenako analira. Chilowereni m'banja muno sindinawaonepo akulira, ndipo ndinawamvera chisoni kwinaku nditawakwiyira.

Kuyambira Lolemba sindikumukweza mwana basi. Ndikaweruka ndimamuperekeza wapansi, maso ali psuu ndi tulo. Mayi a khomo linalo atafunsa ndinawauza kuti akumachita nseru m'galimoto. Anandipepesa, n'kuwonjezera kuti iwo ana awo awiri amawakweza mtima uli m'malo, poti woyendetsa ndi bambo a m'nyumba mwanga, munthu wosamwa mowa. Ndinati zikomo. Ndi pakamwa panga pomwepa ndinati zikomo.

Ndinkayesa kuti wanga akatsika mtima ukhala pansi. Koma dzulo basiyo inatidutsa panjira, ana akuimba, ena akutibayibitsa pa mawindo. Mzime wathu anaima, n'kundikoka dzanja.

"Amayi, nanga adadi akuwatsina ndani?"

Mpando uja unali wopanda munthu. Ndapulumutsa wanga, koma ndachotsa yekhayo amene amawadzutsa.

Alamu, ndapanikizika. Ndikamubwezera mwana pampandopo, ndamuika pangozi ndikudziwa. Ndikapanda kumubwezera, ana a eni ake akuyenda opanda wowayang'anira. Ndikakanena kusukulu, banja latha. Ndikakhala chete, sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji amayi anzanga tsiku limene zidzachitike.

Inu ndi amene munawaphunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo pa dziko lino amamvera inu nokha. Chonde aimbireni, kapena bwerani ngati n'kotheka. Auzeni apemphe tchuthi, abwerere kwa adokotala akanene ntchito yawo yeniyeni. Akafunsa kuti mwamva kwa ndani, musabise, nenani kuti ndine. Ndilola andide ali moyo.

Inunso paja bipi muli nayo. Akazi anu akumvetsereni mukagona, musangoseka za Chigayo.

Mundiperekere moni kwa onse kumeneko, makamaka kwa mwana wanu wamng'ono uja sindinamuonebe. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero. Musachedwe kuyankha, alamu. Yunifolomu ya mwanayu ndasita kale, koma mpaka pano sindikudziwa ngati mawa ndimukweze kapena ayi.

Ndine mlamu wanu,
Wa ku bekale