Mawu a Ababa Ali M'makatoni

Shenzhen, China
Mwezi wa Seputembala

Okondedwa achemwali anga a Evelesi,

Landirani moni wochokera kutsidya kuno. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja wasiya kutupa? Pa foni amangondiuza kuti ali bwino, koma amayi mukuwadziwa, angakhale atagona pamphasa osatha kudzuka adzanenabe kuti ali bwino. Inu mundiuze zoona. Ine kuno ndili moyo, Mulungu akundisunga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pamene timalankhulana pa foni. Nkhani iyi ndayesapo kuiyamba, koma netiweki ya ku Ndamera imadula munthu mawu ali pakamwa, ndipo sindikufuna kuti muimve theka. Ndiye ndapatsira Golden, mnzanga wa kuntchito amene akubwerera ku Blantyre. Akupatsani kalatayi ndi kabokosi kakang'ono. Kabokosiko musakatsegule pamaso pa amayi musanawerenge mpaka kumapeto.

Za kuno n'zambiri. Anthu amadandaula kutentha, ine n'kumangoseka chamumtima. Ndinauza anzanga kuti abwere ku Nsanje mu Okutobala adzaone mbuzi ikukana kutuluka pansi pa nkhokwe. Chimene chandivuta ine ndi kuzizira kwa m'maofesi, makina awo aja andipatsa chifuwa chosatha. Kudya ndi timitengo ndaphunzira, ngakhale theka la mpunga limathera pa siketi.

Koma ichi mukauze amayi, aseka. Tsiku lina mabwana a kufakitale anatitengera ku malo odyera apamwamba, a nsalu zoyera patebulo. Anabweretsa mbale mwaulemu, n'kutiuza kuti ichi n'chakudya cha alendo olemekezeka. Nditalawa, achemwali, ndinapeza kuti ndi m'bale wake wa nyika, mizu ya m'madzi yomwe ija tinkakumba m'dambo chaka cha njala, matope mpaka m'chiuno, tikuopa ng'ona. Ndinadya mwaulemu n'kuthokoza, koma misozi inali pafupi, sindikudziwa ngati inali ya kuseka.

Tsopano ndifike pa nkhani.

Nthawi zonse mumauza anthu kuti Luisa amapanga mafoni. Sindikutsutsani pagulu, koma si zoona. Kampani yathu ndi yaing'ono, ndipo imapanga pulogalamu yokha, nzeru za m'kati. Foni yeniyeniyo, mabatani ndi batire ndi zonse, amapanga ndi mafakitale a kuno amene tinapangana nawo. Zili ngati mwini ukonde ndi mwini bwato. Pamadzi mumapitira limodzi ndipo nsomba mumagawana, koma wonena nthawi yonyamuka ndi mwini bwato. N'chifukwa chake ananditumiza kuno, kuti ndiziona kuti pulogalamu yathu ikulowa bwino m'mafoni awo.

Ntchito ya pulogalamuyo mukuikumbuka. Madzi akayamba kukwera kumtunda kwa Shire kapena ku Ruo, ofesi yathu imatumiza kauthenga, ndipo foni imalankhula yokha mokweza, kuchenjeza anthu a kumadimba. Siifuna bandulo, chifukwa mawuwo ali kale m'kati mwa foni, anaikidwiratu kufakitale. Ikamaliza imapempha munthu kuti adine batani kusonyeza kuti wamva. Akapanda kudina, imaitananso.

Ndipo mukudziwa kuti mawu a Chisena ndi a ababa.

Tsiku lojambula lija silindichoka. Anakana kuti mnyamata wa ku Blantyre awerenge, ati Chisena chake anthu akachimva adzayamba kuseka m'malo mothawa. Anavala jekete la kutchalitchi dzuwa lili pamutu, ine ndikuwauza kuti palibe adzawaone. Tinakhala pansi pa msawu, tambala wanu uja n'kumalira pakati pa mawu, ababa n'kumuthamangitsa ndi nsapato. Atamva mawu awo akutuluka m'makina anafunsa ngati amalankhuladi mokalipa chonchi masiku onse. Amayi anayankha ali kukhitchini kuti apo achepetsa.

Atatisiya mu Meyi, munalipo pamene abale anakhala pansi kugawa katundu wawo. Bwato linapita, jekete linapita, makasu anapita. Ndiye ababa aang'ono, a Sebastiano, ananena za mawu aja. Anati munthu akagona agone, asamayendenso m'matumba mwa anthu akuitana. Anatinso kwathu wamoyo sayankha akaitanidwa ndi amene anapita, ndiye foni yopempha munthu kuti ayankhe mawu a malemu idzaika anthu pa mlandu umene sanaupalamule. Amayi anangoweramitsa mutu. Ine ndinavomera pamaso pa onse kuti mawuwo ndiwachotsa, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse.

Nditabwerera kuntchito ndinauza abwana anga, ndipo sanavute. Tinapeza mphunzitsi wina wa ku Tengani, tinajambula mawu atsopano, tinatumiza ku mafakitale onse amene timagwira nawo ntchito. Ena anasintha msanga, chifukwa anali asanayambe kupanga. Koma mafoni awo ndi agalasi lalikulu, odula, amene adzathera m'manja mwa anthu a m'tauni.

Vuto lili pa fakitale imene imapanga kafoni ka mabatani, kotsika mtengo, kamene msodzi kapena mayi wa kudimba angakwanitse. Iwowa anali atapanga kale. Ndafika kuno ndapeza mafoni ali m'makatoni, makatoni atasanjikizana mpaka kudenga, akudikira sitima ya pamadzi. M'katoni iliyonse muli ababa.

Ndinalimbana nawo, musaganize kuti ndinangokhala. Ndinapita ku ofesi ndi ofesi mpaka alonda anayamba kundidziwa. Yankho linali lomwelo. Kuti asinthe mawu ayenera kumasula katoni iliyonse, kulumikiza foni iliyonse ku makina, n'kuiyesanso. Makina amenewo panopa akupangira makampani akuluakulu, ndipo mpata wathu udzapezeka chaka chamawa, mvula itatha. M'pangano lathu munalembedwa kuti chimene chalowa m'foni sichisinthidwa popanda iwo kulola. Kwa iwo ife tili ngati mlimi wobwera ndi thumba limodzi la thonje pa msika. Amatilandira bwino, koma sikelo saimitsira ife.

Ndinakwiya, achemwali. Ndinalankhula mawu ena pamsonkhano amene womasulira anachita bwino kusawamasulira onse.

Pali mayi wina amene amayang'anira katundu wathu kufakitaleko. Dzina lake limandipinda lilime, ndiye ndimangomutcha Nachisale, iye n'kumavomera. Ndi wamfupi, woyenda mothamanga, wosaseka pa ntchito, ndipo ndinkamuona ngati mwala. Msonkhano utatha ananditsatira panja n'kundifunsa chifukwa chimene mawu a munthu mmodzi andiwawira chotere. Ndinamuuza kuti ndi bambo anga ndipo anamwalira. Ndinamufotokozeranso za mwambo wathu, ndikuyembekeza kuti aseka.

Sanaseke. Anati kwawonso akufa sasewera nawo, amawapititsira chakudya kumanda ndi kuwaotchera mapepala, ndipo agogo ake akanamva za foni yotereyi sakanailola kulowa m'nyumba. Kenaka anapempha kuti amve. Tinatsegula foni imodzi pomwepo pakhonde la fakitale, ababa n'kuyamba: “Bulukani, madzi afika! Kwirani kuntunda, lekani kudikhira!” Mayiyo samva ngakhale liwu limodzi la Chisena, koma anabwerera m'mbuyo. Anati bambo ameneyu akanamuuza iye kuti athawe, akanathawa osafunsa kuti kuti.

Anandiuza zoona zake mosabisa. Kusintha mawu sangathe, si mphamvu yake. Chimene angathe ndi kuimitsa makatoni kuti asakwere sitima, ngati ife titanena mwezi uno usanathe. Abwana anga nawo anati mawuwo ndi a banja lathu, sadzawatumiza ife tikukana, ngakhale kampani ipwetekepo. Onse awiri andichitira ulemu, koma ulemu wake wandisenzetsa katundu.

Ndiye zili chonchi. Tikalola, mafoni afika kwathu mvula isanayambe, ndipo ababa adzamveka ku Ndamera, ku Tengani, mpaka kwa asodzi a m'dambo. Amayi adzawamva pa chigayo, pa mjigo, m'thumba la munthu wosamudziwa, ndipo lonjezo langa kwa abale lidzakhala litasweka. Tikakana, makatoni akhala kuno mpaka mvula ithe, ndipo dzinja lino anthu a kumadimba adzalowa opanda chowachenjeza, monga zaka zonse. Inu ndi ine tikudziwa chimene madzi aja anachita chaka chimene tinataya mbuzi zonse, ndi amene sanapezeke kumudzi kwa alamu.

Maganizo anga sindikubisirani. Ine ndikufuna mafoni apite. Ndimaganiza za ababa akupalasa bwato kukatenga anthu pa zulu, mawu atasasa ndi kukuwa, ndipo sindikhulupirira kuti angakondwe kukhala chete m'katoni madzi akubwera. Koma ine ndine mwana. Ndinakhala nawo zaka zanga zochepa, kenaka sukulu ndi ntchito zinanditenga. Amene anamva mawu amenewa m'mawa uliwonse kuyambira ali mtsikana ndi amayi, ndipo ndi iwo amene adzakumane nawo panjira popanda wowachenjeza. Ine ndidzakhala ku ofesi. Si chilungamo kuti ndigamule ndine.

Pempho langa ndi ili. M'kabokosimo muli foni imodzi ya mtundu womwewo. Musankhe tsiku limene amayi apuma bwino, ana muwatumize kwa azakhali, mukhale nawo awiriwiri. Muwafotokozere zonse monga ndalemberamu, osachotsa za lonjezo langa, osachotsanso za madzi. Musawakakamize, ndipo musawauze msanga zimene ine ndikufuna, chifukwa mukudziwa kuti adzangovomera kuti mwana wawo asavutike kuntchito. Akafuna kumva mawuwo, mudine batani lapakati n'kuligwira. Akakana, foniyo muibweze m'kabokosi, nkhani yathera pomwepo, ine ndiimitsa makatoni ndipo sindidzawadandaulira.

Akalola, mupite nawo kwa ababa aang'ono. Musatume munthu, mupite nokha, ndipo munyamule nkhuku. Muwauze kuti Luisa sanaiwale zimene analonjeza, ndipo chaka chamawa mawu atsopano adzalowa m'mafoni onse otsatira. A Sebastiano ndi ouma pakamwa koma si ouma mtima. Anali m'bwato limodzi ndi mkulu wawo nthawi zonse za madzi, ndipo mwina iwo ndi amene angadziwe chochita kuti mwambo usaphwanyike, kaya ndi kukanena kumanda, kaya ndi pemphero. Zimenezo ine sindizidziwa, ndipo sindikufuna kunamizira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndingathe ndekha popanda kupempha fakitale, ndipo ndachisiya kumapeto chifukwa chimandilemera. Uthenga wodzutsa mawuwo umachokera ku ofesi yathu, ndiye ndikhoza kuchotsa nambala ya amayi kuti foni yawo, akadzakhala ndi ya mtundu umenewu, isadzalankhule konse. Ndinakhala pa kompyuta dzulo, nambala ili patsogolo panga, chala chili pa batani. Ndinalephera. Ndinaona madzi akubwera, ababa akuitana mudzi wonse, nyumba ndi nyumba, n'kudumpha khomo la mkazi wawo. Chimenechinso muwafunse amayi. Akati ndichotse ndichotsa, koma pamenepo inu mudzagone ndi foni yanu pafupi, ndipo ikadzalira mudzathamangire kwa iwo musanatenge ngakhale bulangete.

Mundiyankhe mwezi usanathe. Mukakwere pa chulu paja pamagwira netiweki, mawu amodzi okha andikwanira.

Mundiperekere moni kwa alamu a Nicholas, muwauze kuti tochi imene anandituma ndaipeza. Moni kwa azakhali a Justina, kwa ababa aang'ono ndi banja lawo lonse, ndi kwa amayi a mpingo amene anatigonera pa maliro. Miracle ndi Princess muwapsompsone, muwauze kuti ndikadzabwera ndidzaona makope awo ndisanatsegule chikwama.

Amayi musawapatse moni wa pakamwa chabe. Muwagwire dzanja m'malo mwanga, ndipo musalisiye mpaka foniyo itasiya kulankhula.

Takhuta, zikomo kwambiri, achemwali. Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mng'ono wanu,
Luisa Geresomo