Waya wa Malume Yobe

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo chitisiyireni. Mng'ono wanga Tisa anabereka mwana wamkazi mu Febuluwale, ndipo tamutcha dzina lanu. Kulira kwake ngati wina wamulanda chake. Mvula inachedwa koma sinatinamize. Ine ndidakali pa Mambwe, pa kathebulo kanga kaja, kukonza mafoni, mawailesi ndi nyale za sola. Munkati ntchito yonunkha utsi si ya mkazi, koma ndi imene ikundidyetsa.

Nkhani ili pa munda wanu wa ku Mnkhanya. Mpanda wa magetsi wotchinga njovu unasiya kugwira ntchito chimanga chitangoyamba kukhwima. Waya wina anaduka m'kabokosi kamene kamatumiza moto kumpanda. Mlongo wanu, malume Yobe, sanadikire kuti ndifike. Anawotcha msomali pa mbaula, n'kusungunulira mtovu pa msomalipo, n'kuudonthezera pa waya.

Sitiwotcherera choncho, Amayi. Umayamba wapala waya mpaka awale, n'kumupaka utomoni pang'ono. Kenako chitsulo chamoto chimakhudza waya ndi polumikizapo nthawi imodzi, ndipo mtovu umaugunditsa pa wayayo, osati pa chitsulo. Waya akatentha mokwanira, mtovu umayenderera wokha n'kulowerera. Ukazizira umakhala wosalala, wonyezimira. Koma ukaudonthezera pa waya wozizira, umangokhala pamwamba. Maso amati wagwira, pomwe mkati mulibe kanthu.

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka kumunda. Nditatsegula kabokosi ndinapeza chibulumwa chotuwa chitakhala pa waya, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti sichitha sabata. Zida zonse zinali m'chikwama changa. Koma malume anali ataima pambali panga ndi alamu awo awiri.

"Waona, mwanawe?" anatero. "Two minutes chabe. Izi sizifuna sukulu iyayi."

Ndinati, "Mwachita bwino, malume," n'kutseka kabokosi. Kumasula ntchito ya munthu wamkulu pamaso pa alamu ake, ine sindinathe. Munkakonda kunena kuti manyazi anapha Lambe, komatu ndinu nomwe munatiphunzitsa kugwada.

Lachinayi m'mawa anthu anapeza mpanda uli pansi. Waya anali atasomphoka yekha, ndipo njovu zinadya kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa mango, kupitirira theka la munda. Ndinapitanso, n'kuwotcherera bwinobwino. Inali ntchito ya mphindi zisanu. Chimanga chotsala chikafika Okutobala tidzathokoza, ndipo Tisa akuyamwitsa.

Malume akuuza aliyense kuti vuto linali batire, ndipo anthu awakhulupirira. A m'minda yoyandikana ayamba kale kuwaitana kuti akawakonzere mabokosi awo, msomali uja uli m'thumba. Palibe amene akudziwa kuti ine ndinaona n'kukhala chete. Ndinu woyamba kumva.

Zikundiwawa, Amayi. Munda umenewu munaulondera zaka zonse ndi zitini zokha zoopsezera njovu, osataya ngakhale mzere. Ine ndautaya zida zili m'chikwama.

Mawa ndikupita kwa malume asananyamuke kupita kukakonza bokosi la kumunda wa a Mwanza, oyandikana nafe. Ndikagwada monga munandiphunzitsira, koma ndikawauza zoona za waya uja. Ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Elina